Ana Anayi a Woyimbira Mpira

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1971, m'banja la ana asanu, ndipo iwo ndiwo anali mzime. Ine ndaima panoyu ndine mkulu wawo, wachisamba m'banjamo, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito. Ntchito yangayo ndaitchula dala, kuti inu muli kumbuyoko mudziwe kuti ndinazolowera kuyankhula anthu ali chete.

Ndisanapite patali ndikudziwitseni, anamfedwa ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa, kuti pepala ndanyamulali lalembedwa mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kuli mbiri ya malemu. Kuseri kuli zimene ife akubanja tinagwirizana dzulo masana. Malemu asiya ana anayi ang'onoang'ono, ndipo mayi awo, alamu athu, ndi anamwino amene ntchito yawo siidziwa Loweruka kapena Lamulungu. Tsono tinati tiwapepukitse katundu: ana atatu tigawane, aliyense apite kwa m'bale wina, mayi atsale ndi wamng'ono yekha. Andiuza kuti ndilengeze zimenezi ndikatha mbiri. Tifikako.

Mu 1978 malemu anayamba sukulu ya pulayimale. M'kalasi ankachita bwino ndithu, koma mtima wawo unali ku mpira, ngakhale kuti mpirawo sunkawafuna. Ukabwera kwa iwo unkawadutsa pakati pa miyendo, iwo n'kumenya mphepo, nsapato n'kuuluka. Anzawo atatopa nawo anawachotsa mu timu, koma poopa kuti akawanenera kwa ine, anawapatsa ntchito yoweruza ngati chigoli chalowa kapena ayi. Apo m'pamene malemu anazindikira kuti m'bwalo muli munthu mmodzi amene samenya mpira koma aliyense amamumvera. Anapita ku sekondale mu 1986, n'kumaliza mu 1990.

Mu 1992 analembedwa ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina yogulitsa mabuku, ndipo anagwira pomwepo mpaka kudwala kwawo. Abwana awo ali pano angachitire umboni kuti katoni ikaikidwa mopendama, malemu ankaiona akadali pakhomo. Mu 1995 anachita maphunziro a oyimbira mpira. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, Loweruka lililonse ankavala kabudula wakuda, kherere pakhosi, kadi yachikasu ndi yofiira m'thumba la pamtima. Dzina loti a Kherere linachokera pamenepo, ndipo linameza dzina limene makolo athu anawapatsa. Ochemerera anawathamangitsa katatu. Ulendo wachitatu anatulukira kunyumba kwanga ali wefuwefu, mpira uli m'khwapa, n'kundiuza kuti masewerowo sanathe chifukwa iwo sanayimbe kherere womaliza. Mwa malamulo, masewero amenewo akupitirirabe mpaka lero.

Nkhani ya banja ndiyo inatsala pang'ono kutitayitsa mtima. Malemu anafika zaka makumi anayi akudzichapirabe masokosi. Azakhali athu anayankhula mpaka mawu anasasa. Mu Febuluwale 2011, wochemerera wina amene sanakondwe ndi penate anawagenda ndi botolo pachipumi, ndipo anthu anathamangira nawo kuchipatala. Namwino amene anawasoka anawauza kuti akhale pansi, atseke pakamwa, asagwedezeke. Malemu anamvera. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kumvera chigamulo cha munthu wina osafunsa kuti lamulolo lalembedwa pati. Anabwererako kasanu kukaonetsa bala limene linali litapola kalekale. Ukwati wawo ndi namwinoyo unachitika pa 20 Ogasiti chaka chomwecho. Inu amene munaponya botolo lija, ngati muli pano, banja lathu likukuthokozani.

Mu 2013 kunabadwa mwana woyamba, wamkazi, amene bambo ake anamutcha Kaputeni asanamere ndi dzino lomwe. Mu 2017 kunabwera amapasa aamuna, Wakumanja ndi Wakumanzere, mayina ochokera pa mmene anawagonekera tsiku loyamba. Malemu analengeza kuti mpira wathera pomwepo. Mu 2021 kunabadwa mtsikana wina, ndipo poti palibe amene ankamuyembekezera, anamutcha Nthawi Yowonjezera.

Amapasa atabadwa, malemu anasiya kuyimbira mpira, poti alamu athu masiku ambiri ankalawirira kuntchito. Tinkaganiza kuti kherere wapuma. Ayi ndithu, bwalo linangosamukira kunyumba. Aneba muli pano mukudziwa kuti wotchi simunkaifuna. Hafu pasiti faifi kherere woyamba ankalira, wodzuka. Wachiwiri anali wosamba, ndipo pofuna kupewa ndewu ya amene ayambe kulowa m'bafa, malemu ankaponya m'mwamba chotsekera cha botolo. Wachitatu ukalira, ana ankafola pakhonde, bambo n'kumayendera zikhadabo, mano, kuseri kwa makutu ndi zingwe za nsapato, monga ankachitira ndi osewera mpira usanayambe.

Makadi nawonso sanapume. Kubisa phala m'nsapato inali kadi yachikasu. Kuluma m'bale wako inali yofiira, ndipo wolandira kadi yofiira ankakhala pa kampando ka pambali pa firiji kwa mphindi zofanana ndi zaka zake. Amapasa, poti ndi ofanana ngati madontho a mvula, anatulukira nzeru: amene walandira yachikasu ankasinthana malo ndi mnzake kuti yachiwiri isamupeze. Malemu anawagulira masokosi osiyana mitundu. Anyamatawo anasinthana masokosi. Malemu anameta mmodzi mpala. Pasanathe ola, winayo anali atadzimeta yekha ndi sizasi ya mayi ake, mutu uli mabalamabala. Pamapeto pake malemu anakhazikitsa lamulo loti kadi ya mmodzi ndi ya onse awiri. Kuyambira pamenepo anyamata amenewa amalakwira limodzi, amalirira limodzi, ndipo pa kampando kaja amakhala thako limodzi limodzi.

Tsiku lina alamu athu nawonso anaonetsedwa kadi yachikasu chifukwa chopatsa ana maswiti chakudya chisanafike patebulo. Alamu sanakweze mawu. Anangofunsa modekha kuti kodi woyimbira mpira akufuna kukagona kuchipinda kapena pa mpando wa pabalaza. M'mbiri yonse ya a Kherere, imeneyo ndiyo kadi yokhayo imene inabwezedwa m'thumba ndi chipepeso.

Chimene chinawagonjetsa kwa kanthawi ndi tsitsi la Kaputeni. Ulendo woyamba kumuluka, mwanayo anabwera kuchokera kusukulu ndi kalata ya aphunzitsi yofunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Malemu sanagwe mphwayi. Anagula mopu yatsopano, n'kuimangirira ku mpando, ndipo kwa mwezi wathunthu ankailuka ndi kuimasula akaweruka kuntchito. Pofika mu 2020, amayi a mumsewu wawo ankabweretsa ana awo Lamulungu masana kuti a Kherere awalembe mizere. Mizere yake inkakhala yowongoka moti ukanatha kuyezera rula.

Apa ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Ine ndinkawaseka malemu. Ndinkawauza kuti ndinayendetsa sukulu ya ana mazana asanu ndi anayi popanda kherere, ndi diso lokha. Iwo ankangomwetulira. Loweruka lina mu Okutobala 2022, iwo ndi alamu anapita ku ukwati wa mnzawo wakuntchito, n'kundisiyira anawo kuti ndiwaonetse mmene diso limagwirira ntchito. Anachoka eyiti koloko. Pofika teni, Wakumanzere anali atalowetsa mutu pakati pa zitsulo za pawindo, ndipo unkakana kutuluka. Wakumanja, poona kuti m'bale wake ali pamavuto, analowetsa wake pa zitsulo zoyandikana nazo. Ndikuwapaka sopo m'makutu, Nthawi Yowonjezera anaponya magalasi anga m'ketulo. Kaputeni anaima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno, n'kundifunsa ngati kusukulu kwanga kuja kunalidi ana.

Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinawaimbira foni malemu, ndikutuluka thukuta. Sanandinyoze. Anangondiuza kuti ndikweze mawu a foniyo, ndiyiike patebulo. Kenako, pakati pa phwando la eni ake, anatulutsa kherere n'kuyimba kamodzi. M'nyumba monse munangoti zii. Ngakhale mitu ija inatuluka yokha. Kuyambira tsiku limenelo sindinawalangizenso mng'ono wanga za kulera ana, ndipo ndikapita kukacheza ndinkaonetsetsa kuti makolo onse awiri alipo.

Mu Januwale chaka chino malemu anayamba kutupa mapazi ndi kubanika akayenda pang'ono. Anabisa, monga amachitira amuna ambiri, koma kubisira namwino matenda n'kutaya nthawi. Chimene chinawaulula kwa aneba ndi kherere, amene anayamba kulira mofooka ngati kamwanapiye. Madokotala anapeza kuti mtima wawo watopa. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Epulo. Ana ankapita kukawaona Lamulungu lililonse, ndipo ankafola m'mbali mwa bedi kuonetsa zikhadabo osauzidwa. Tsiku lina adokotala atabwera ndi jakisoni, Nthawi Yowonjezera anapisa dzanja m'thumba la bambo ake, n'kuwaonetsa adokotalawo kadi yofiira. Tikuwathokoza adokotala amenewo, chifukwa atafunsa tanthauzo lake anapita kukaima pakhomo la wodi mphindi zitatu zathunthu. Malemu anaseka mpaka anamwino anabwera kudzawaletsa.

Pa 18 Meyi anandiitana ndekha. Anandigwira dzanja, n'kundiuza kuti timu ikachotsedwa wosewera mmodzi imathabe kulimba mpaka kumapeto, koma ikagawanika ndiye kuti palibenso mpira. Anandipempha kuti ana awo asasiyanitsidwe. Ndinavomera. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 21 Meyi 2024, nthawi ya fili koloko masana, alamu athu ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu.

Tsopano tafika kuseri kwa pepala kuja. Dzulo pamsonkhano, achemwali anga atanena kuti atenga Kaputeni, amalume a anawo n'kuti atenga Wakumanja, asuweni athu n'kuti atenga Wakumanzere, ine ndinakhala chete. Onsewa ndi anthu abwino, ndipo ananena mwachikondi. Amene analakwa ndine, chifukwa ndine ndekha amene ndinkadziwa pempho la malemu. Ndinachita mantha. Ndinaganiza za zitsulo za pawindo zija, n'kuwerama, n'kulemba ndi dzanja langa zimene ena ankanena. Alamu athu ankangoyang'ana pansi. Tonse tinkaganiza kuti anawo sakumva, kuiwala kuti khoma la pabalaza paja ndi lopyapyala.

Lero m'mawa nditafika kunyumbako, ndinapeza ana anayi onse atasamba, atavala, atafola pakhonde. Amapasa anali atamangana mabatani mophonya, koma anali atamanga. Patsogolo pawo panali chikwama chimodzi chachikulu, chodzaza moti zipi inakana kutseka. Nditafunsa, Kaputeni anandiuza kuti walongedzamo zovala za onse anayi mosakaniza, ndipo m'nyumbamo mulibe chikwama china, tsono amene atenge chikwamacho atenge ndi eni ake onse. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ine amene ndakhala ndikudzudzula ana a eni kwa zaka makumi atatu, ndinalephera kumuyang'ana m'maso. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Choncho, achemwali, amalume ndi asuweni, mundikhululukire, zakuseri kwa pepalali sindiwerenga. Ndakambirana ndi alamu athu m'mawa womwewu ndipo avomera. Anawa sachoka pakhomo pawo. Kuyambira Lolemba ine ndizifika m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke, ndipo masiku amene alamu ali pantchito ndizigona komweko, m'kachipinda kosungiramo mipira. Mayi akunyumba kwanga nawonso avomera, mwachangu chimene chandidabwitsa. Akuti chipumireni pa ntchito akhala akupemphera kuti ndipeze kopita. Kuluka sindidziwa, phala langa limachita mibulu, ndipo mawondo anga ndi a zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Tsono inu amene mumafuna mwana, mwana wanuyo alipo. Mubwere Loweruka mudzamusambitse kwawo, ndipo mukatha musambitsenso atatu enawo.

Malemu asiya mkazi mmodzi, ana anayi, abale awo anayi ndi azakhali athu okalamba. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala, anzawo a alamu athu amene anawagwirira ntchito masiku onse a matenda, abwana ndi anzawo a ku kampani, oyimbira mpira anzawo amene abwera atavala zakuda zawo, ndi aneba amene mwakhala mukudzutsidwa zaka zisanu ndi ziwiri osadandaula pamaso pathu. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Mng'ono wanga, ndinachedwa tsiku limodzi kusunga mawu anga, mundikhululukire. Ana anu akabwerera kunyumba kwawo onse anayi, akamasule chikwama. Mzimu wanu uuse mumtendere.