Loko wa ku Lusaka

Munali mu Novembala chaka cha 1999, mitambo itayamba kale kuda cha ku Magodi, pamene Mayi Norah Mtonga, woyang'anila ofesi ya kampani ina ya thonje pa boma la Lundazi, anakhala pa kompyuta kuti atumize maina a alimi ofuna mbewu, lole yobweletsa mbewuyo isananyamuke ku Chipata 12 koloko. Kompyutayo inangoti zii, ndipo pakhomo panatulukila a Whiteson Zgambo, osunga sitolo ya kampaniyo.

"Monile, amama. Yavuta?"

"Yavuta. Chichokeleni katswili uja wa ku likulu, chinthuchi chachita mwano. Akuti sichitsegula tsamba lililonse popanda loko."

"Loko alipo."

"Ali kuti? Ndayang'ana m'makona monse."

"Kumbuyo mwayang'ana?"

Mayi Norah anasuzumila kuseli. Unyolo wa ngolo unali utazinga kompyuta kawili n'kukamangilila kumwendo wa tebulo, ndipo pamfundo pake panali loko wamkulu ngati chikhatho.

"A Zgambo! N'chiyani ichi?"

"Kalata ya ku Lusaka yatelo." Anaitulutsa m'thumba la malaya n'kuwelenga akulondola ndi chala. "'Kuyambila Lolemba, pasapezeke wogwila ntchito pa kompyuta ya kampani asanaone loko wotseka.' Mwamuona. Ngotseka. Gwilani ntchito."

"Akunena loko wa m'kati!"

"M'kati ndinayesa dzulo. Sipanala yanga inakula."

"Mayo ine! Musadzayesenso!" Mayi Norah anapumila m'mwamba. "Tamvelani. Loko wake amaoneka pagalasi apa. Akaoneka, ndiye kuti zimene tikutumiza zayenda zobisika, munthu wa panjila sangaziwelenge."

"Njila iti? Ya ku Chipata?"

"Ya mu waya wa foni."

"Mu waya mumayenda anthu?"

"Akuba."

A Whiteson anagwedeza mutu mokhutila. "Mtima unandiuza. N'chifukwa chake ndinayambila foniyo."

Apa m'pamene Mayi Norah anazindikila kuti chiyambile m'mawa sanamve kulila kuja kumene kompyuta imalila ikamaimba foni. Anatembenukila kukhoma. Waya kunalibe, foni kunalibe.

"Ili kuti foni?"

"Mu kabati ya mankhwala opopela. Ndi waya wake yemwe, wokulunga bwinobwino."

"Maola awili ndakhala ndikutukwana anthu a ku Lusaka, waya ali mu kabati!"

"Wosungika, amama."

"Tsegulani!"

A Whiteson anamasula makiyi m'chiuno, nasankha mosafulumila ngati munthu wosankha nthochi pamsika. Waya atabwelela kukhoma, kompyuta inalila ngati kamwana ka nkhumba. Mayi Norah anatsegula kabuku kawo n'kulemba adilesi ya kampani, yomwe ija ya masiku onse. Pagalasi panabwela mawu ofiila okana.

"Apo si ine," anatelo a Whiteson, manja ali kumbuyo.

"Chaka chathunthu ndalemba adilesi yomweyi. Sindingasinthe chifukwa cha munthu wokhala pa mpando wozungulila ku Lusaka, woti ukamuonetsa thonje m'munda ayesa maluwa a paukwati. Lamulo lawolo ndilizimitsa pompano."

Anadina apa, anadina apo. Paliponse pamene kale ankasintha zinthu panali potseka.

"Mwaona nkhanza zake? Makompyuta onse a kampani awamanga ndi lamulo limodzi, kuchokela komweko. Ife kuno sitingasinthe kanthu. Makiyi ali nawo iwo."

"Ooh! Bwenzi mutanena kale. Ndikwele basi ndikatenge?"

"Si makiyi olowa m'thumba!"

"Ndinyamula saka."

Mayi Norah anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa hafu 11. Lole ikanyamuka yopanda maina, ina idzabwela patapita masabata awili, mvula itagwa kale. Ndipo alimi a ku Magodi ndi ku Mphamba sadzapalasa njinga kupita ku Lusaka kukafunsa mbewu, adzaziyedzamitsa pampanda wa nyumba yawo.

"Amama," anatelo a Whiteson motsitsa mawu, "kalatayi munaiwelenga?"

"Sindiwelenga zamwano ine."

"Ili ndi tsamba lachiwili."

"Ngakhale likhale lachisanu."

"Likuti muwonjezele chilembo cha S."

"S wa chiyani?"

"Sananene. Koma musavutike, ndaika kale."

Analoza pambali pa kompyuta. Panali S wamkulu wobiliwila, wa penti yolembela mabelo a thonje, wosauma n'komwe.

"Katundu wa kampani mwamupaka penti?"

"Mbali zonse ziwili, kuti asaphonye."

Mayi Norah anatsomphola kalata ija. Anawelenga tsamba lachiwili milomo ili gwa, nabwelezanso. S uja amafunika mu adilesi, kumapeto kwa zilembo zinayi zoyambilila. Anaika dzanja pa kompyuta n'kulichotsanso.

"Tembenukani, a Zgambo."

"Chifukwa?"

"Sindifuna mboni."

A Whiteson anayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwawo kunamveka kudina kamodzi. Tsamba la kampani linayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo pakona yamunsi panaoneka kaloko kachikasu, kotseka. Maina onse anapita kutatsala mphindi khumi.

"Ndicheuke?"

"Cheukani. Ndi uyo loko wanu."

A Whiteson anawelama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Kameneka? Ka pa sutikesi ya mwana wa sukulu kamaposa apa. Unyolo ndiusiya pomwepo."

"Usiyeni," anatelo Mayi Norah, mtima utakhala pansi. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapepala kena. "Poti yayamba kumvela, dikilani muone. Mwana wanga Ennie, uja ali ku Gaborone, anaika chithunzi cha khanda lake pa tsamba lina. Mdzukulu wanga woyamba. Miyezi iwili tsopano, nkhope yake sindinaione."

"Yewo, yewo! Tiyeni timuone mlendo."

Analemba adilesi ya pakapepalapo. Mawu ofiila. Anawonjezela S. Mawu ofiila. Anaika ma S awili.

"Yesani wamkulu," anatelo a Whiteson.

Anayesa wamkulu. Mawu ofiila omwe aja: tsambali lilibe loko, lamulo la kampani silikulola.

Mayi Norah anayang'anitsitsa pagalasi. Kenako maso awo anatsikila m'chiuno mwa a Whiteson. Anasuzumila kukhomo ngati kukubwela munthu, n'kusendeza mpando.

"A Zgambo," ananong'ona, "pa makiyi anu onsewo, palibe kakang'ono? Tingoyesako. Ku Lusaka sakamva."

A Whiteson anaphimba makiyi ndi dzanja n'kuwayang'ana abwana awo mwachisoni.

"Amama, mwatopa, kapumuleni. Kiyi alowa pati apa? Kalokotu n'kojambula chabe."