Botolo la Mafuta Lapita kwa a Shehe

Chaka chija nyanja inadzaza n'kumiza mathandala athu oyanikapo usipa kuno ku Nkope, iwe Asiyatu uli sitandade sikisi, ndi chaka chimene achimwene anu a Jafali, bambo a Shakira, ananyamuka. Senderani kuno nonse awiri, Mariamu tseka chitsekocho, ndipo musandidule mawu chifukwa amayi anu apita kwa a Shehe ndi botolo la mafuta lija linafika dzulo, ndipo sachedwa kubwera. Ndikunong'ona dala, alamu anga, mpanda uwu ndi wa bango.

Inu mukudziwa kuti achimwene anu ali ku Joni. Mudzi wonse ukudziwa choncho, ndipo amene ndakhala ndikunena zimenezo pachitsime, kusikelo, ngakhale pamaliro, ndine. Koma sali ku Joni. Ali ku Isiraeli, akuthyola mapeyala pa famu ya Myuda. Asiyatu, chotsa dzanja pakamwa, umve kaye.

Kale, masiku a bambo anga, mwamuna akanyamuka aliyense ankadziwa kumene wapita, ankaperekezedwa ndi banja lonse mpaka kukakwera basi pa boma, ndipo ngakhale kunalibe foni, kalata inkabwera m'thumba la mnzake n'kuwerengedwa pakhonde anthu onse akumva. Lero nkhope ya munthu umaiona pa foni tsiku lililonse, koma kumene waima sukudziwa. Ndipo kale mkazi ankatsala kwawo, pafupi ndi amayi ake, koma ine ndinatsala pano kwa apongozi, amayi anga anamwalira, ku Chembe kulibenso khomo loti ndingagogode. Akandithamangitsa pano, ine ndi Shakira tilowera kuti, sindikudziwa.

Nthawi imeneyo nsomba zinali zitasowa, mukukumbukira, amuna ankabwera kunyanja ndi kachidebe kamodzi, ndipo pa wailesi ankalengeza kuti akufuna anyamata okagwira ntchito m'mafamu a ku Isiraeli. Koma kumeneko nkhondo inali itayamba kale, Lachisanu lililonse mumzikiti munkachitika duwa yopempherera anthu a ku Palestina, ndipo achimwene anu aakulu a Yusufu ananena pakhonde pomwepa kuti, "Wopita kumeneko wafa kale, ine sindidzamuswalira." Mawa lake a Jafali anandipeza ndikutembenuza usipa, Shakira ali kumsana, anati, "Amayi a Shakira, ine ndalembetsa."

Ndinati, "Mukathandize anthu opha ana?"

Anati, "Ndikukathyola zipatso, sindikukagwira mfuti. Ukufuna ndizisoka maukonde a anthu ena mpaka imvi? Akakufunsa uzingoti Joni."

Ndipo ndinavomera, chifukwa mwana ankalira njala, koma mumtima ndinali nditawaika kale m'manda. Ine Myuda ndinali ndisanamuonepo. Amene ndinkamudziwa ndi wa m'mavidiyo a pa foni, wovala chisoti, mfuti pachifuwa, kumbuyo kwake nyumba zitagwa ndi amayi akukumba ndi manja kufuna ana awo. Sindinkaganiza n'komwe kuti kumeneko kulinso nkhalamba zodwala maondo ngati amayi anu.

Miyezi yoyamba inali ya mantha okhaokha. Ndikuyankhula nawo masana kuseri kwa thandala, mwadzidzidzi ndimve chinthu chikulira ngati ambulansi, chochenjeza kuti mabomba akubwera, iwo n'kuti "ndikuimbiranso," foni thii, ndipo ine n'kutsala ndagwira foni ngati ndagwira khala la moto, osatha kuuza munthu aliyense chimene chachitika. Dzina anasintha, ankadzitcha Jefu. Swala ankaswalira kuseri kwa shedi, maso uku ndi uku ngati wakuba.

Kenako unafika mwezi wa Ramazani, kukutentha koopsa, anzawo onse akumwa madzi, iwo osamwa. Tsono pa famupo pali mayi wina wokalamba, mayi wake wa mwini famu, dzina lake a Rute, amakhala m'kanyumba kawo kumapeto kwa munda. Tsiku lina anawaimitsa panjira n'kuwapatsa salamu m'Chiarabu, yonse yathunthu, ngati mmene amaperekera a Shehe. Achimwene anu anayankha m'Chizungu kuti sakumva.

Mayiwo anati, "Mlomo wako wauma ngati chikopa ndipo sukumwa madzi. Dzina limene anakupatsa amayi ako ndani?"

Ananena. Ndipo madzulo ake mayiwo anawatumizira zipatso za tende m'kambale zoti afutulire, adye pomasula kusala kwawo. Atandiuza ndinati, "Musadye, akukuyesani amenewo."

Anaseka, anati, "Wachedwa, ndanyambita ndi mbale yomwe."

Ukuti chiyani Mariamu? Ayi, sanalowe Chisilamu, ndi Myuda weniweni, Loweruka sagwira ntchito, nkhumba sadya, amayatsa makandulo ake n'kupemphera m'chiyankhulo chawo. Chiarabu anachiphunzira chifukwa cha ntchito imene ndikufuna ndikuuzeni.

Kumeneko kuli mitengo ya azitona, imene amayenga mafuta, ndipo anthu a ku Palestina ali ndi minda ya mitengo imeneyi yodzalidwa ndi agogo a agogo awo. Koma pamwamba pa mapiri pafupi ndi midzi yawo pabwera anthu ena, Ayuda, amanga nyumba zawo, ndipo nthawi yokolola ikafika ena mwa iwo amatsika ndi zibonga ndi agalu kudzathamangitsa eni minda. Zili ngati munthu abwere amange mpanda padoko pathu pano, n'kumatimenya tikapita kukakocheza bwato. Tsono a Rute ndi anzawo, Ayuda okhaokha, ena achinyamata, ena nkhalamba, ena mpaka aphunzitsi a chipembedzo chawo, amakwera galimoto m'mamawa, kudutsa marodibuloko a asilikali, n'kupita kukathyola nawo zipatsozo. Alibe chida chilichonse. Amangoima pamenepo pakati pa eni munda ndi azibonga aja, foni m'manja akujambula, chifukwa munthu amachita manyazi pang'ono kumenya wina pamaso pa mayi wa mtundu wake. Masiku ena azibongawo amabwerera. Masiku ena sabwerera.

Ndipo musaganize kuti kwawo amawaombera m'manja. Mwana wawo, mwini famu uja, akuti anakhala miyezi osalowa m'nyumba mwawo, anthu oyandikana nawo amawanena kuti ndi ogulitsa mtundu, mdzukulu wawo weniweni ndi msilikali, ndipo pakhoma pawo pali chithunzi cha mtsikana, mwana wa mng'ono wawo, amene anaphedwa nkhondoyi itangoyamba. Achimwene anu anawafunsa kuti, "Amayi, anthu a mbali imeneyo anakupherani mwana, inu mukukawathyolera zipatso?"

Anati, "Amene anapha mwana wathu si mdala amene ndimamugwirira makwerero. Ndalira kale ine, ndikudziwa mmene zimawawira, ndipo sindifuna mayi wina alire anthu n'kumati zachitika m'dzina langa. Dziko ili tonse tilibe kwina kopita."

Mawu amenewo achimwene anu ananditumizira pa voisi mmene anawamvera, ndinawamvera katatu kenako ndinafufuta, kuopa kuti a Yusufu angabwereke foni.

Tsono tsiku lina a Rute anabwera atamangidwa mkono, akuyendetsedwa ndi mnzawo, chibonga chinawapeza apa pachigongono. Kumbuyo kwa galimoto kunali maukonde, chifukwa kumeneko ukonde sagwirira nsomba, amauyala pansi pa mtengo kuti zipatso zizigwerapo. Azibonga aja anali atawang'amba ndi mipeni, ndipo mayiwo anabwera nawo kuti akataye. Achimwene anu anawatambasula pansi, anawayang'ana, anati, "Awa sanafe ayi." Anasema chisingano kuchokera ku chidebe chosweka, anapempha ulusi, ndipo Loweruka, tsiku lopuma, anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kusoka mmene anawaphunzitsira malemu bambo anu. Ananditumizira vidiyo, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ukonde, mfundo zikungotsatana, ngati ali padoko pathu pano. A Rute atakhala pampando pambali, mkono pachifuwa, akuti ankangoti, "Ana anga anapita kusukulu zaka zonsezi, palibe amene angamange mfundo imodzi." Anasoka Maloweruka atatu.

Atamaliza anandiuza kuti akufuna aperekeze maukondewo okha, akaone anthuwo. Ine ndinalira, alamu anga, ndinati mukapita musadzandiimbirenso. Koma amene anawaletsa si ine, ndi mayiwo. Anati, "Ine akandigwira andisunga tsiku limodzi n'kundimasula, chitupa changa ndi cha konkuno. Iwe akukweza ndege, mwinanso zoposa pamenepo, ndipo uli ndi mwana. Ntchito yako wamaliza." Ndipo a Rute anabwerera kumudzi kwa eni minda kuja ndi mkono umodzi, maukonde ali kumbuyo.

Zipatso zitayengedwa, mdala mwini munda anatumiza mabotolo awiri, lina la a Rute, lina la msodzi wosoka maukonde, ndipo analemba kapepala ndi dzanja lake n'kumata pabotolopo. Achimwene anu sanalitsegule. Analipatsira bambo wina wa kwa Mponda amene amabwerera kumudzi, anamuuza kuti akapereke m'manja mwanga basi. Koma anafika dzulo ine ndili kusikelo ndi Shakira, anapeza amayi anu pakhonde, anawapatsa n'kuti ndi katundu wa ku Joni.

Tsono inu mukuwadziwa amayi athu a kuno. Kapepala kalikonse kokhala ndi zilembo za Chiarabu, ngakhale kong'ambika pa katoni ya sopo, sakasiya pansi, amakatola n'kukaika pamwamba. Pamene ndinkafika anali atasamba kale m'manja, botolo lili pamwamba pa kabati pafupi ndi Kurani, nkhope ikuwala, akuti mwana wawo wawatumizira mafuta a duwa opaka maondo. Ndinati, "Amayi, amenewo ndi ophikira chabe."

Anati, "Ophikira amalembedwa Chiarabu cha pamanja? Iwe madarasa unathawa uli pa alifu, chilembo choyamba chenicheni, usandiphunzitse. A Shehe akandiwerengera kuti ndizipaka kangati."

Ndipo lero alikulunga m'chitenje chatsopano, apita. Chimene chalembedwapo ndikuchidziwa, achimwene anu anandiuza. Pali dzina la mdalayo, dzina la mudzi wake, ndi mawu oti Palestina. Pali zikomo kwa Jafali wa ku Malawi amene anasoka maukonde pa famu ya mlongo wathu wachiyuda Rute. A Shehe awerenga zonse, salumpha chilembo, ndipo nthawi ino a Yusufu amakhala pakhonde la mzikiti pomwepo.

Sindikudziwa kuti amva mbali iti. Mwina amva kuti mwana wawo anathandiza anthu amene timawapempherera Lachisanu. Mwina angomva kuti ali kwa Ayuda, amadya m'mbale mwawo, ndipo mkamwana wawo wawanamiza zaka ziwiri akudya nawo pamphasa imodzi.

Ndakuuzani inu poyamba chifukwa ndinu ana, mudzakwatiwa, ndipo ndikufuna mutengepo ziwiri. Mwamuna akadzakupemphani kuti mumusungire bodza kwa amayi ake, ngakhale mukumukonda bwanji, mudzakane tsiku loyamba lomwelo, chifukwa iye amakwera ndege koma bodzalo limatsala ndi iwe, umagona nalo, umadzuka nalo. Ndipo mukamaona mavidiyo aja, lirani, n'zoona zimene zija, ana aja ndi ana enieni, duwa musasiye. Koma mukamva anthu akutemberera mtundu wonse osasiyako ndi mmodzi yemwe, mtima wanu usathamange nawo, muzikumbukira kuti kuli nkhalamba ina imene inathyoledwa mkono ndi anthu a mtundu wake, ndipo chaka chino ikupitanso.

Asiyatu, suzumira pabowo lampandalo. Ndi iwo? Ali okha?

A Yusufu ali pambuyo. Botolo wanyamula ndani? Amayi, ndi manja awiri. Nkhope sukuiona bwino, chabwino, usayang'anenso.

Mariamu, nditengere Shakira, ukakhale naye kuseri, akalira umupatse mbatata ili mumphikamo. Ayi, sindibisala. Ndikawachingamire panjira asanalowe mumpanda, ndikagwade, ndiyambe ndine kunena asanandifunse. Ndikonzere mpangowu kumbuyo msanga, ndizipita.