Tsiku Loti Kulibe pa Kalendala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ntchito inatsala pang'ono kundithera chifukwa cha tsiku loti kulibe pa kalendala.

Munali mu 1997, ndikugwira pa kakiliniki kena muno mu Livingstone. Poti ndinaphunzirako kompyuta, bwana anandiuza kuti ndilembe pulogalamu yopeza tsiku loti mayi abwerenso ndi mwana ku sikelo pakatha mwezi. Ndinati zazing'ono izi. Paja ife popangana timangoti mwezi wamawa, tsiku ngati lomweli. Ndiye kompyutayo ndinaiuza zomwezo, kuti pa nambala ya mwezi iziwonjezera imodzi, tsiku izilisiya.

Mayi wina anabwera pa 31 Januwale, kompyuta n'kumupatsa 31 Febuluwale. Anabwerera pageti mwana ali kumbuyo, n'kundifunsa pamaso pa anthu ngati kwathu ku Chipata Febuluwale amafika pamenepo. Manyazi ake! Ndinakonza za Febuluwale, koma poyesanso inatulutsa 31 Epulo, Disembala n'kundipatsa mwezi wa 13. Bwana anati sabatayo ikatha zisanatheke, ndiona msana wa njira.

Ndinakwiya, osati pang'ono. Popita kunyumba ku Nottie Broadie ndinkakangana ndi Mulungu njira yonse kuti miyezi yosalinganayi anaiikiranji. Kupemphera ndinapemphera, koma kunena zoona linali dandaulo lokhalokha.

Yankho linadzera mwa munthu amene sindinkafuna n'kumuona komwe, ba Mubita opereka mankhwala, amene ankandiseka tsiku ndi tsiku. Sindinkadziwa kuti anagwirapo kompyuta ku Lusaka. Anaima kumbuyo kwanga, anayang'ana, kenako anati, "Ba Tisa, lekani kudula-dula deti monga nyama. Iyi kompyuta iziba kale kalenda. Ikaniko chabe masiku, mwezi izapeza yeka."

Ndinafufuta mizere yonse imene ndinalemba mu pulogalamu ija n'kulemba umodzi: tsiku la lero, kuwonjezerapo masiku 28. Nditayesa 31 Januwale inatulutsa 28 Febuluwale. Nditayesa Disembala inalowa yokha chaka chatsopano. Ndinalira pomwepo, ba Mubita akuseka monga mwa chizolowezi chawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva ngakhale pemphero lamwano. Inu amene zakukanikani, musataye mtima, ndipo wokusekani musamuthamangitse msanga. Mayi uja atabweranso ndi mwana wake pa 28 Febuluwale, anandipeza ndikadali pampando wanga.