Madzi amene galimoto inawakana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa kumapiri a Ntchisi kuno. Ndikufuna ndichitire umboni za mjigo wathu, ngakhale kuti ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawabe.

Mjigowo anatikumbira ndi a boma, koma njerwa tinaumba tokha, mchenga tinasenza tokha. Kenaka kunabwera kampani ina yolima fodya n'kugula munda woyandikana nawo. Tsiku lina tinangodzuka waya atazungulira mjigo, pachipata pali loko, mlonda ali chilili ndi chibonga. Akuti madziwo ndi othirira nazale. Fodya azimwa madzi oyera, ife anthu tizikamwera kudambo limodzi ndi ng'ombe!

Tinakadandaula kwa amene tinawavotera. Nthawi ya kampeni ankavina nafe chimtali mpaka fumbi koboo, koma tsopano anangoti, "Amayi, kampaniyo yabweretsa chitukuko, musaikwiyitse." Mwana wanga Tadala anayamba kutsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Akapezako bwino ndinkamumwetsanso madzi omwewo, nanga ena ndikanawatenga kuti? Ndinkagwada kudamboko n'kumalira kuti, Ambuye, kodi ife munatilenga otsika kuposa fodya?

Masana ena ndikuchokera kotunga, ndinapeza galimoto itaima pachitunda ikufuka nthunzi. Dalaivala anandipempha madzi oti athire ku injini. Nditatula ndowa, anasuzumiramo n'kukwinya nkhope.

"Iyayi mayi, matope awa andiphera galimoto. Abwinoko mulibe?"

Ndinapsa mtima. "Bambo, amenewa ndi amene akumwa mwana wanga!"

M'galimotomo munatsika mayi wina, n'kuyang'anitsitsa m'ndowamo. Kani anali woyang'anira za madzi m'boma lathu. Ndinawafotokozera zonse, osameza mawu. Anati palibe kampani yololedwa kutsekera mjigo wa anthu, ndipo anatilangiza kuti tipite gulu kumsonkhano wa khonsolo. Azimayi tinapitadi titasenza madzi akudambo aja, n'kukawatula patebulo pamaso pa mabwana. Tinati alaweko, koma palibe anayerekeza. Sabata isanathe, waya uja anamuzula.

Lero Tadala wanenepa, akuthamanga ndi anzake. Ndikuthokoza Mulungu amene anawiritsa injini ija pomwe ine ndinkadutsa. Koma sindibisa, zimandinyansabe kuti akuluakulu anamva pokhapokha galimoto itakana madzi amene mwana wanga ankamwa tsiku ndi tsiku.

Inu amene olemera akupondani pakhosi, musaleke kupemphera. Koma mukadzuka pogwadapo, senzani ndowa yanu mukaitule pamaso pawo.