Ululu wa Bambo Niemi, Ziro Mpaka Teni

Zaka khumi ndi zinayi zithupsa za m'khwapa zikumuzunza, Arvo Niemi, woyendetsa chigalimoto chokokolola chipale chofewa m'misewu ya mumzinda wa Thunder Bay, anali asanadandaulepo kwa munthu. M'mawa umenewo anakhala atatanyula mikono ngati nkhuku yomva kutentha, pamaso pa nesi Colette Beaudry, amene ankasankha anthu olowa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano. Malo anali atatsala amodzi okha.

"Bambo Niemi, kuyambira ziro mpaka teni, ululu wanu uli pati?"

"Aaa, palibe chodandaulitsa, mayi."

"Ziro," anatero nesiyo uku akulemba.

"Iyayi, sindinati ziro!"

"Ndiye ingati?"

"Bambo anga macheka anawadula zala ziwiri kunkhalango. Anangomangapo kansanza n'kumaliza kugwetsa mtengowo."

"Iwonso ali ndi zithupsa?"

"Anatisiya kalekale."

"Pepani. Ndiye sangalowe nawo."

Arvo anapumira m'mwamba. "Ndikutanthauza kuti kwathu mwamuna salira."

"Sindinati mulire. Ndati nambala."

"Chabwino, lembani thuu."

Nesiyo analemba n'kutseka fayilo. "Zikomo pobwera. Ife tikulandira oyambira pa faivi."

Arvo mtima unangoti phwii. Anakumbukira mkazi wake Helmi, amene iye anatha zaka osamukumbatira chifukwa choopa kuwawa kwa zithupsazo.

"Tadikirani kaye! Thuu ameneyo ndi wa mkono umodzi."

"Mikono iwiri, folo. Sizikukwana."

"Ha, mayi inu! Nanga... kumunsiku? Kokhaliraku?"

"Kumeneko ndi ingati?"

"Hafu."

"Folo ndi hafu. Sizikukwanabe."

"Simukuona mmene ndakhaliramu?"

"Ndikuona. Ndimayesa mukumva kutentha. Tatsitsani mikonoyo."

Arvo analuma mano n'kuyesa kutsitsa. Malaya atangokhudza zilondazo, anadzambatuka pampando.

"Mayo ineee!"

Nesiyo anayang'ana pepala lake kutsogolo ndi kumbuyo. "'Mayo ine' palibe pano, bambo."

"Naini!" anakuwa Arvo, misozi ili lengelenge. Kenako anatsitsa mawu. "Naini, tsiku lililonse. Pogwira chiwongolero, povala jekete, ngakhale popesa tsitsi."

"Basitu. Mwalowa."

Arvo anapukuta m'maso, n'kusuzumira kuchitseko. "Koma chonde, mkazi wanga asamve. Iye amadziwa kuti n'timatuza chabe."

Nesiyo anatsegulanso fayilo ija n'kutulutsamo kakalata.

"Anakulembetsani ndi iwowo, bambo. Alemba kuti mukanena naini, ndidziwe kuti mukunamabe, ndi teni."