Ndime Imene Ndinadula pa Kaseti ya Atate

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Ambuye Yesu atamandike! Ine ndine Esinati, wa ku Luangwa konkuno ku Kitwe. Ndabwera kudzapereka umboni.

Ambiri mumawadziwa atate anga, aTembo. Anachoka ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito mumgodi mpaka msana unapindika. Koma Loweruka likafika, ankavula chisoti n'kunyamula gitala. Anali ndi bandi yawo, amuna asanu, onse a mumgodi. Anzawo anayi aja anamwalira kalekale.

Chaka chatha amayi anatisiya. Titachoka kumanda, atate anakhala pampando pakhonde n'kutseka pakamwa. Abale anga, anatseka! Mwezi, miyezi iwiri, miyezi isanu. "Atate, madzi osamba ndaika." Zii. Chakudya, masipuni awiri, n'kukankha mbale. Kuchipatala anawapima, akuti matenda sakuwapeza. Awe! Munthu akutha ine ndikuona. Ndinkachita mantha. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo la chipinda chawo, kumvetsera ngati akupuma.

Tsiku lina kunabwera uthenga. Ku Mindolo kuli achinyamata amene amaimba nyimbo za bandi ya atate zokhazokha, n'kuvalanso ngati iwo, mabuluku otambalala m'munsi aja. Kaseti ya bandiyo yophunzirira ndinawabwereka ndine, amayi akadali moyo. Tsopano ankati tibwere nawo atate kuholo Loweruka, 15 hours, 3 koloko masana.

Mlongo wanga Yohane, wa ku Ndola, anakana pafoni. "Esinati, ukawapha akuluakuluwo. Mtima ukakaima kumeneko, udzayankha wekha." Ndinapemphera Korona, yankho osalimva. Ndinawatenga choncho, mtima uli m'mwamba.

Holo inadzaza ndi imvi. Gitala itangolira, nkhalamba zinataya ndodo. Mayi wina pambali panga ankavina uku akulira. Koma ine bandi sindinaione bwino, maso anga anali pachifuwa cha atate. Nyimbo yoyamba, zii. Yachiwiri, chala chawo chinayamba kugunda pabondo. Yachitatu, anayamba kupuma mothamanga, thukuta lili kamukamu. Ndinati, Mayi Mariya, Yohane ananena!

Kenako atate anaimirira, nakweza dzanja.

"Imani!"

Mawu, abale anga! Mawu a atate! Bandi inaima. Mnyamata woimba anatsika, nagwada, nawapatsa ulemu wa Chibemba. "Ba shikulu, talakwa chani, mukwai?"

"Mwadumpha! Pakati apo pali ndime. Anakuphunzitsani kudumpha ngati achule ndani?"

"Mukwai, pakaseti zili tero."

Ndiulule pano pamaso pa Mulungu. Ndili kamtsikana, wailesi inatafuna kaseti ija ndikuiseweretsa. Ndinadula ndi lumo pamene panakwinyika, n'kulumikiza ndi kyutekisi wa amayi wopaka m'zikhadabo, n'kukulunga ndi pensulo. Sindinauze munthu. Ana aja anaphunzira nyimboyo pamodzi ndi chilema chake, kaseti ikadumpha iwonso kudumpha. Ndime ya atate ndinaitaya ndine!

Atate anatenga maikolofoni, nayamba kuimba ndime yosowa ija. Inali yonena za mtsikana wogulitsa chikanda pageti la mgodi, amene sankachoka mpaka shifiti yatuluka. Amenewo ndi amayi anga. Analira, abale. Kumanda sanalire, koma pamenepo analira ngati mwana. Wang'oma anawadikira, nawatsatira pang'onopang'ono, mpaka anamaliza. Holo yonse inali misozi.

Tili m'minibasi pobwerera, ndinalimba mtima. "Atate, kaseti ija ndinadula ndine."

Anandiyang'ana. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Kyutekisi amanunkha. Amayi ako anati ndisakumenye." Kenako anati, "Kodi kunyumba kuli chakudya?"

Aleluya! Abale, aleluya!

Sindikunama kuti zonse zatha. Masiku ena amadzuka osafuna kulankhula, ndipo mantha aja amandigwiranso. Koma akudya. Thupi likubwerera. Loweruka lililonse amakwera basi kupita ku Mindolo kukawakalipira ana aja, akuti gitala ya besi akuithamangitsa. Yohane anabwera kudzawaona, anamukalipiranso iyeyo.

Ine ndinkapempha Mulungu mankhwala. Iye anatenga tchimo langa la ubwana, limene ndinabisa zaka zonsezi, n'kutsegulira pakamwa pa atate anga. Ndikuthokoza Ambuye. Ndikuthokoza ana a ku Mindolo. Ndikuthokoza inu amene munkabwera kudzapemphera nafe pakhonde paja, osayankhidwa ngakhale moni.

Atate ali kumbuyo uko, avala jekete yofiirira. Atate, imirirani akuoneni.

Mwawamva? Akuti ndatalikitsa, ndikhale pansi.

Ndikukhala, atate. Amen!