Mapaipi, Choko ndi Limba: Moyo wa Bambo Edmond Daka

Abusa, akulu a mpingo, anamfedwa, ndi nonse amene mwabwera kudzaperekeza, amene tikuwaika m'manda lero ndi Bambo Edmond Gilson Daka a ku Kabwata. Ine ndine Lemmy Kunda. Malemuwa anandiphunzitsa, pambuyo pake tinagwira ntchito limodzi, ndipo banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Bambo Daka anabadwa m'chaka cha 1909 m'mudzi mwa Chimtanda, kufupi ndi Madzimoyo, m'boma la Fort Jameson. Sukulu anayambira pamishoni pomwepo. Tchalitchi cha pamenepo chinali ndi limba lomwe linasiya kulira chifukwa makoswe anaboola mvukuto wake. Iwo, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, analitsegula osapempha munthu, nalimata ndi chikopa cha mbuzi, ndipo linalira. Mbusa wa pamishoniyo anawapatsa chilango choti aziliimba Lamulungu lililonse. Malemu ankakonda kunena kuti chilango chimenecho sichinathe mpaka ukalamba.

Mu 1926 anawatumiza ku Khondowe, ku Nyasaland, kumene anaphunzira za makina ndi za madzi kwa zaka zinayi. Anafika kuno ku Lusaka mu 1933, mzinda uno ukumangidwa kumene, nalembedwa ntchito pakampani ina yoika mapampu ndi mapaipi. Madzi ambiri amene akutuluka m'mipopi ya m'tauni, ndi mapaipi oyamba olowera ku Woodlands, anadutsa m'manja mwawo. Pakampanipo ankatchedwa wothandiza chabe, pakuti munthu wakuda sankaloledwa dzina loposa pamenepo. Koma pampu ikakanika, mzungu ndi munthu wakuda yemwe ankafunsa funso limodzi: ali kuti Ba Injiniya?

Mu 1936 anakwatira Mayi Helen Miti a ku Katete, amene anadziwana nawo m'kwaya. Anakhala ku Kabwata, m'nyumba yozungulira yofolera ndi udzu, ndipo sanasamukeko ku Kabwatako moyo wawo wonse.

Mu 1946 kunachitika ngozi. Lamba wa injini anakola malaya a mnzawo wa pantchito, Bambo Salumu Mfaume, nayamba kuwakokera kumakina. Bambo Daka analumphira pomwepo nawakoka. Bambo Salumu anapulumuka, koma dzanja lamanzere la malemu linataya zala ziwiri. Bambo Salumu, Msilamu wa kwathu ku Kabwata, ali pakati pathu pano ndi ana awo, ndipo ndi iwo amene apala bokosi limene malemu agonamo.

Ambiri tinaganiza kuti za limba zatha. Mayi Helen akuti kwa miyezi ingapo amuna awo sankafuna n'kuliyang'ana komwe. Kenaka anayamba kukonza nyimbo imodzi ndi imodzi kuti zala zitatu zizikwanira pomwe pankafunika zisanu. Pa Pasaka wa 1947 anakhalanso palimba, ndipo amene analipo akukumbukira kuti mpingo unalephera kumaliza ndime yoyamba chifukwa cha misozi.

Chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa masamu ndi ntchito za makina pasukulu ya ntchito zamanja. Kumeneko ndi kumene ndinakumana nawo. Anali aphunzitsi osakonda ndodo, koma ntchito yaulesi sankailandira. Ankatiuza kuti, “Paipi sinama. Ukaimanga mwachinyengo idzakuneneza yokha pamaso pa anthu.” Anyamata amene anadutsa m'kalasi mwawo lero ali m'migodi, kunjanji, ena akumanga nyumba zatsopano ku Chelstone.

Mu 1954 anapita ku Mangalande kukaphunzira za kaphunzitsidwe. Atabwerera anapatsidwa ntchito ya kafukufuku wa maphunziro, ine ndikuwathandiza. Mu 1957 kunamveka kuti makalasi apamwamba a atsikana pasukulu ina ya m'komboni atsekedwa, ati chifukwa atsikana amalephera mayeso ndipo amasiyira sukulu panjira. Bambo Daka anapempha kuti chigamulocho chidikire chaka chimodzi. Tinayenda panjinga khomo ndi khomo ku Kabwata ndi ku Chilenje, kufunsa ana ndi amayi awo. Chimene tinapeza n'chakuti mipopi inali yochepa kwambiri. Atsikana ankaima pamzere wa madzi kuyambira mbandakucha, nafika kusukulu mochedwa, nakwapulidwa, mpaka ena anatopa n'kungokhala kunyumba.

Atapereka zimene anapezazo, ena mwa akuluakulu anati nkhani ya madzi si ya maphunziro. Malemu sanakangane nawo. Anajambula okha njira ya mapaipi atsopano, napempha mapaipiwo kwa oyang'anira mzinda kufikira atapatsidwa, ndipo makolo pamodzi ndi ophunzira akale a malemuwa anakumba ngalande Loweruka lililonse. Makalasi aja sanatsekedwe. Mwa atsikana oyamba kukhoza Sitandade 6 pambuyo pake muli Zuhula Omali, amene tsopano akuphunzira unamwino. Wapempha tchuthi kuti adzakhale nafe lero.

Mu mpingo wa Dachi, malemu anali mkulu wa mpingo kuyambira 1950, ndipo anatsogolera kwaya kwa zaka zoposa makumi awiri. Anapeka nyimbo zambiri, ndipo zina mwa izo munazimvapo pawailesi.

Anayamba kudwala impso kumayambiriro kwa chaka chino. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, kenaka anapempha kuti abwerere kwawo ku Kabwata. Lamulungu lathali kwaya inapita kukawaimbira pakhomo. Anali atafooka kwambiri, osatha kudzuka, koma pakati pa nyimbo anakweza dzanja, kwaya n'kuima. Ndi mawu otsika anati, “A tena, mwathamanga. Bwerezani, muyambe pamodzi.” Anabwereza, ndipo malemu anagwedeza mutu kuvomereza. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Ogasiti 1962, ali ndi zaka 53.

Asiya mayi wa kunyumba, Mayi Helen Daka. Ana aamuna awiri, Gilson ndi Edmond wamng'ono. Ana aakazi atatu, Imelda, Sofiya ndi Helen. Zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Mlongo wawo mmodzi amene ali kumudzi, ndi mng'ono wawo amene wafika dzulo kuchokera ku Kitwe. Asiyanso ife ophunzira awo, amene sitingawerengeke.

Ambuye amene anawabwereketsa kwa ife awalandire. Apumule mu mtendere.